Masipika a Bambo Zikhale Asasa Mawu

Mwina mwamva kale, paja ku Area 15 nkhani sichedwa kumera mapiko. Ati Alinesi, wantchito wa kwa a Zikhale uja, wapha masipika a bwana wake. Ena kogula matimati ankati adawathira madzi a mopu. Ena ankati ayi, adachita kuwatemera mankhwala ochokera kwawo ku Nathenje. Mayi wina mu minibasi adafika polumbira kuti adamuona ndi maso ake, chonsecho mayiyo amakhala ku Kawale, ngakhale mtundu wa geti la a Zikhale sakuudziwa.

Koma kuti mumvetse chimene msewu wonse udatekesekera, muyambe mwawadziwa masipikawo. Ndi awiri, aatali ngati mafiriji, a matabwa a mbawa, kumaso kwake okutidwa ndi nsalu yotuwa. Bambo Zikhale, amene adapuma pantchito yokonza mawailesi ku City Centre, amawayatsa tsiku lililonse ikangokwana folo koloko. Nyimbo zawo zachikale zija, za magitala ndi malipenga, zimatuluka pawindo mosaboola m'khutu, koma mpaka kumapeto kwa msewu zimafika. Amayi amadziwira pomwepo kuti yakwana nthawi yoanula zovala. Ana amadziwa kuti madzi osamba ayandikira. Ndiye Lolemba folo koloko idakwana, kuli zii. Lachiwiri, zii. Zovala za anthu zidatsala pang'ono kugona pachingwe, abale inu!

Lachitatu m'mawa, Mayi Eveless Sellah, telala wa nyumba yoyandikana ndi a Zikhale, anali pakhonde akupalasa makina. Ankasoka yunifomu ya chinkhoswe cha Fiona, mwana wa a Zikhale, chimene chinali Loweruka lomwelo. Atangoimitsa phazi kuti alowetse ulusi, adamva munthu akusisima kuseri kwa mpanda.

"Iwe Alinesi, maliro a ndani amenewo ukulirira kumpanda kwangaku?"

Alinesi adasuzumira pakati pa maluwa, maso ali psuu. "Anti, ntchito yatha. Madamu akuti Lachisanu ndilongedze. Ngakhale chitenje cha chinkhoswe akuti sindivala."

"Zaka zingati uli m'nyumba imeneyo?"

"Zisanu ndi zinayi. Supuni imodzi sidasowepo. Nanga adzandilembenso ntchito ndani m'Area muno, poti aliyense akungonditchula wopha masipika?"

"Dutsa pa geti ubwere kuno. Ndipo upukute mphunozo, pano pali nsalu za eni."

Alinesi adakhala pansi n'kufotokoza. Lolemba m'mawa, akukolopa pabalaza, adapeza timilu ta ufa wa matabwa kutsogolo kwa masipika. Mtima udamuuza kuti anankafumbwe alowa m'chuma cha bwana. Adathamangira mankhwala opopera mphemvu aja n'kupopera pansalu ya masipika, fwaa, fwaa, mpaka kachitini kupepuka. Madzulo bwana atayatsa, mawu adatuluka ngati a munthu woyimba ali m'mgolo. Atafunsidwa, iye adanena zoona.

Mayi Eveless adachotsa phini pakamwa. "Ufawo unali wotani?"

"Wina ngati gaga, wina wopotanapotana ngati tsitsi la khanda."

"Sipika imodzi?"

"Onse awiri, anti. Timilu tofanana."

"Loweruka udakolopa pamenepo?"

"Eya. Panali mbee."

"Ehe! Ndiye kuti anankafumbwe a kwa a Zikhale adapita kusukulu. Amapangana tsiku, n'kugawana ntchito mofanana ngati a pa ganyu." Adadzuka n'kukoleka tepi yoyezera m'khosi. "Undisungire makinawa. Usakhudze chilichonse, ndipo usapopere chilichonse."

*

Adawapeza Bambo Zikhale ali khuma pabalaza, akuyang'ana masipika awo ngati munthu ali pasiwa.

"Odi muno! Ndati ndidzapepese maliro, abambo a Fiona."

"Fikani, Mayi Sellah. Musaseke ayi. Zaka zitatu ndidatha ndikusankha ana amenewa. Ndinkayenda ndi chimbale changa m'manja, sitolo ndi sitolo, mpaka eni masitolo akandiona ankanamizira kuti akutseka."

"Nanga osangogula a mawatsi ambiri bwanji?"

Apa ndiye adawakanda poyabwa. Bambo Zikhale adawongoka, chisoni n'kuyamba chaima pambali.

"Mawatsi! Aliyense mawatsi! Mayi Sellah, mawatsi olembedwa pasipika ndi kukula kwa mimba yake chabe, kuti ingadye zochuluka bwanji isanaphulike. Ine ndinkafunsa funso lina. Ndikaipatsa kachakudya kochepa, wati imodzi yokha, iyimba mokweza bwanji? Nambala yake amailemba kumbuyo. Ambiri a m'masitolomu ndi 86. Angawa ndi 98."

"Kusiyana ndi khumi ndi ziwiri basi?"

"Basi? Nambalayo ikatsika ndi zitatu, mphamvu iyenera kuwirikiza kawiri. Taonani aka." Adaloza kaampulifaya kakang'ono, ka mababu agalasi oyaka ngati makala. "Mawatsi ake ndi asanu ndi atatu okha. Mutakapatsa masipika a 86, kafunika anzake khumi ndi asanu kuti akathandize kukoka. Koma angawa mtima wawo ndi wa pepala, lopyapyala ngati khoko la anyezi. Amamva msanga. Ngakhale kawailesi ka mabatire kakhoza kuwaimbitsa msewu wonse n'kuvina."

Mayi Eveless adawerama n'kuona kadontho kofiira pa chokwezera mawu.

"Apo ndi pamene ndimalekezera," adatero bambowo. "Zaka zonsezi sindidapitirirepo. Lolemba ndidapotokola mpaka kumapeto, koma mawu ake ngati a nkhuku ya chitopa."

"Ndi kyuteki wanga wopaka zikhadabo ameneyo, aneba!" Mayi Zikhale adatulukira kuchokera kukhitchini, mpeni ndi kabichi zili m'manja. "Chilichonse m'nyumba muno amadontheza kyuteki wanga. Ngakhale m'kati mwa masipikamo."

"Dontho limodzi wakumanzere, awiri wakumanja," bambowo adavomera. "Kuti ndisamasokoneze."

"Ndipo aneba, ngati mwabwerera nkhani ya Alinesi, musavutike. Wavomera yekha. Loweruka alendo adzavina chiyani? Ndidawauza anthu onse a kumpingo kuti ife za madijeyi ayi, tili ndi zathu."

Mayi Eveless adasendera pafupi ndi masipikawo. Maso a telala, paja amaona ulusi umodzi wokhota pa diresi lonse. Ankayang'ana masikuluwu ogwira nsalu ya sipika. Onse anali akuda ndi ukalamba, koma m'mitu mwake munali mikwingwirima yowala, yatsopano.

"Mwatsegulamo kale umu?"

"Ndilibe mtima umenewo. Pepala lonyowa ndi mankhwala sindikufuna kuliona."

"Tsegulani."

"Mayi Sellah..."

"Tsegulani, bambo. Maliro timayamba taona nkhope tisanaike."

Bambowo adatenga sikuludiraiva. Nsalu ija itachoka, onse atatu adasuzumira. Munalibe pepala m'menemo. Munali chinthu chakuda cha labala wokhuthala, chonyezimira ngati nsapato za mkwati, pakati pake atalemba ndi zilembo zagolide kuti mawatsi 3000. M'mbali mwake munali mabowo atsopano, utuchi udakali m'milomo.

"Awa si anga!" Bambo Zikhale adakuwa. "Ana anga sadafe! Abedwa!"

Nkhope yawo idawala ngati alandira mphatso. Koma ya mkazi wawo idachita mdima.

"Ohoo! Ndiye kuti sikupha kokha, n'kuba komwe? Lamulungu tonse tinali kutchalitchi. Kiyi wina ali ndi ndani, si Alinesi? Mankhwala aja ankabisira umbava! Lachisanu sapita kwawo ameneyo. Apita kupolisi."

Mayi Eveless adatsanzika n'kutuluka. Adabwera kudzazimitsa moto, koma adauthira palafini.

*

Pa geti adapeza a Jobu, mlonda wachikulire wa ku Chitedze, atakhala pa njerwa akusenda chinangwa.

"A Jobu, Lamulungu mudali pano?"

"Ndikadapita kuti, amayi? Geti silipemphera."

"Alinesi adabwera?"

"Iyayi. Adanka kwa mkulu wake ku Chinsapo m'mamawa, adabwera dzuwa litapendeka, atasenza mbatata."

"Nanga adalowa ndani?"

A Jobu adatafuna chinangwa chawo nthawi yaitali, ngati chili ndi mafupa.

"Akamwini."

"A Clive?"

"Omwewo. Ndi munthu wina wa kapusi yofiira, wolankhula ngati wailesi. Adati abweretsa katundu wa chinkhoswe, kiyi awapatsa a Fiona. Makatoni awiri."

"Adasiya makatoniwo?"

"Apo ndiye ndidadabwa nanenso. Polowa, katoni imodzi ankanyamula anthu awiri, akubuula. Potuluka, wa kapusi uja adanyamula onse awiri yekha, mowasamala ngati mazira. M'katimo ndinkangomva kamakina kawo ka batire kakulira, ngati kaja ka dokotala wa mano. Nyimbo sindidamve, poti magetsi adathima tsiku lonse."

"Nanga bwanji simudanene, mwana wa eni akuchotsedwa ntchito?"

"Amayi, adandifunsa ndani? Komanso ine ndikaimirire pamaso pa adona, n'kunena kuti mkamwini wanu wakuti wakuti, kutatsala masiku atatu? Ukwati ukatha adzati adaupasula ndi Jobu. Ndakhala ndikupemphera kuti abwere munthu wondifunsa. Mwachedwatu."

*

Lachinayi m'mawa Mayi Eveless adakwera minibasi ya ku City Centre, m'chikwama muli malaya a mkwati osatha kusoka. Clive amagwira ntchito pa banki ina kumeneko. Ndi mnyamata waulemu zedi, woti akaona apongozi ake akubwera amapatuka mpaka kulowa m'ngalande. Adatuluka atavala tayi, akumwetulira, koma maso ngati sadagone sabata yonse.

"Anti, mwachita kubwera nokha? Mukanangoimba foni."

"Khosi siliyezedwa pafoni. Tiye pansi pa mtengo apo. Imika mutu."

Adamukulunga tepi m'khosi n'kukoka pang'ono.

"Chala chachita chiyani, chili ndi pulasitalachi?"

"Aaa, ndi sitepula ya mu ofesi, anti."

"Sitepula yake yogwira ntchito Lamulungu? Paja Lamulungu unapemphera kuti?"

"Ku... kwathu ku 18."

"Mlaliki anawerenga buku lanji?"

"Yobu."

"Yobuyo ndiye wandiuza kuti unali ku 15 ndi makatoni awiri." Tepi ija idathina. "Khosi lako likukula ndi bodza, mwana iwe. Malayawa sakukwana."

Clive adangoti pwepwete pabenchi, manja kumutu.

"Anti, inali sapulaizi. Shuwa, ndikulumbira. Tsiku lina ndinasuzumira kumbuyo kwa masipika aja, ndinaona palembedwa mawatsi 25. Twente-faifi, anti! Ya m'galimoto mwanga ndi 500. Ndinamva chisoni kuti bambo wamkulu ngati amene uja akuvutika ndi zinthu zotha. Ndinajambula pafoni n'kukaonetsa a Nebert, ogulitsa masipika mu msika. Atangoona chithunzicho anaimirira. Akuti, bigi, apongozi anu akuchititsani manyazi, tiwaikire a 3000, zakalezo ndikakutayirani ine. Ndimati ankhoswe adzaulule Loweruka, anthu adzaombe m'manja."

"Simunayese kuti mumve?"

"Magetsi kunalibe. Lolemba Fiona akundiimbira kuti dadi sakudya. Lachiwiri ndinathamangira kwa a Nebert, akuti zinyalala zija zinapita ndi lole ya zinyalala."

"Ndiye wangokhala chete?"

"Ndikayambira pati, anti? Ine ndi amayi a Fiona sitinayang'ananepo m'maso. Ndikawapatsa moni ndimayang'ana nsapato. Ndiye ndikawauze kuti ndinalowa pabalaza pawo iwo kulibe, n'kuboola katundu wa bambo? Chinkhoswe chithera pomwepo."

"Ukudziwa kuti mawa Alinesi akupita kupolisi chifukwa cha sapulaizi yakoyo?"

Clive adadzuka ngati wakhalira singano. "Alinesi? Amene amandisungira futali uja? Ayi, anti, zimenezo Fiona sanandiuze. Ndipita ndikanene. Kaya andithamangitsa."

"Khala pansi. Kuulula uli chimanjamanja n'kungoonjezera maliro. A Nebert akowo benchi lawo lili pati?"

"Kumzere wa mahadiweya, pafupi ndi ogulitsa nsalu."

Mayi Eveless adakumbukira kanthu, tepi ili lende m'manja. Lachiwiri lomwelo iwo anali mu msika kukagula ulusi ndi mazipi. Magetsi anali atathima, mabenchi onse a mawailesi ali chete. Koma kumzere wa mahadiweya kunkachokera nyimbo yokoma, yomveka mpaka kwa ogulitsa nsalu, moti iwo ndi amayi ena adadulirako chiuno pang'ono podikira kuti awadulire nsalu. Ndipo adaona ndi maso awo chimene chinkaimbacho: kawailesi ka mabatire, kakang'ono ngati sopo.

"Kapemphe chilolezo kwa abwana ako," adatero. "Zinyalala zija ndazimva zikuyimba."

*

Masana adalowa mu Msika wa Lilongwe anthu atatu. Patsogolo Mayi Eveless. Pambuyo pawo Bambo Zikhale, amene adangouzidwa kuti atenge makutu awo. Kumbuyo kwenikweni, mapazi makumi awiri, Clive, akubisala kuseri kwa aliyense wosenza dengu.

Asadafike n'komwe kumzere wa mahadiweya, Bambo Zikhale adaima chilili pakati pa njira, wa wilibala n'kutsala pang'ono kuwagunda.

"Imani. Mwalimva lipengalo? Mwamva mmene woyimbayo akukokera mpweya? Amenewo ndi ana anga, Mayi Sellah. Wakumanzereyo ndi uyo."

"Gwirani mtima. Mukafika muzingoti phee. Wogula ndine."

Pabenchi la Nebert anthu anali atazungulira. Mwini wake, kapusi yofiira ili pamutu, ankalankhula osapuma. Pathebulo adagoneka chagada chisipika chakuda chonyezimira, mphasa yeniyeni ya zija za kwa a Zikhale, pambali pake kawailesi ka mabatire.

"Fikani, fikani, kumva n'kwaulere! Mawatsi 3000, ochokera kunja! Taonani, kawailesi aka, mabatire awiri okha, koma tamverani mawuwo! Nanga mukakalumikiza kunyumba? Aneba asamuka! Mami, fikani pafupi, inu ndiye mukuoneka kuti mumadziwa zinthu."

"Ndikufuna awiri a pachinkhoswe, achimwene," adatero Mayi Eveless. "Akuyimbawa ndi amenewa?"

"Enieni, mami! Kapena mukuona ena?"

"Koma ndiye n'zokongola. Ndigwireko?"

"Ndi maso okha, mami, zinthu zodula izi."

Mayi Eveless adapisa m'chikwama, natulutsa batani la malaya a mkwati, n'kuliponya pakati pa chisipika chija. Ng'oma m'nyimbomo zinkagunda ndithu, du du du, koma batani lidangokhala phee ngati lili m'tchalitchi.

"Abale, tandithandizeni kuona," adatero mokweza. "Kwathu sipika ikamayimba imanjenjemera. Iyi bwanji batani langa silikuvina?"

"Ndi tekinoloje yatsopano imeneyo, mami, siigwedera..."

"Chikomekome cha mkuyu!" adakuwa mayi wina wogulitsa mapoto. Anthu adayamba kuseka n'kuyandikira.

Mayi Eveless adagwira waya wochokera ku kawailesi kaja n'kuyamba kuutsatira ndi zala, monga amatsatira ulusi ukasokonekera m'makina. Wayawo sudapite kuchisipika chonyezimira. Udatsika kuseri kwa thebulo, n'kulowa pansi, kumene adatchingako ndi chiguduli.

"Mami, kumeneko ndi kusitolo kwanga, sikololedwa!"

Chiguduli chidakwezedwa. Pansi pa thebulo panali bokosi la pulaiwudi, ndipo m'menemo munali masipika awiri a pepala lotuwa, osaoneka bwino n'komwe, akunjenjemera mosangalala ngati akudziwa kuti abale awo afika.

"Ndi anga amenewo!" Nebert adalusa. "Adandisiyira malemu agogo anga!"

Wapolisi wamkazi wa mu msikamo anali atafika kale, atakopeka ndi phokoso. Mayi Eveless adamupatsa moni mwaulemu.

"Bwana, musanawatembenuze, ndinene. Kumbuyo kwa imodzi mupeza dontho limodzi la kyuteki wofiira. Kumbuyo kwa inayo, awiri. Ngati mulibe, mundimange ine."

Wapolisiyo adazimitsa kawailesi n'kutembenuza. Dontho limodzi. Adatembenuza inayo. Madontho awiri.

"Agogo anuwo ankapaka kyuteki?" adafunsa wapolisiyo.

Msika wonse udaphulika. Amayi a mapoto adaimba nthungululu, ogulitsa misomali akuomba pamalata. Bambo wina adatulukira m'gulumo akukuwa kuti iye adagula chisipika chonyezimira dzulo lake, kunyumba chikungonong'ona. Bambo Zikhale sankamva zonsezo. Adagwada pafumbi ndi suti yawo, akupukuta ana awo ndi kampango.

Nebert ataona kuti madzi afika m'khosi, adaloza chala.

"Sindinabe ine! Anandipatsa okha! Ndi bigi awo, abisala kuseri kwa ndowawo!"

Mulu wa ndowa zapulasitiki udagwedera, kenako udagumuka, gubudu gubudu. Kuseri kwake kunali Clive, tayi ili pambali, atagwada kale.

Bambo Zikhale adamuyang'ana mkamwini wawo. Adayang'ana chisipika chonyezimira chija. Mayi Eveless adadziwa kuti tsopano Alinesi wapulumuka, koma chinkhoswe chili pamoto.

"Mawatsi 3000," adatero bambowo pang'onopang'ono. "Unkandimvera chisoni, mwana wanga?"

"Eya, bambo," Clive adayankha akuyang'ana nsapato.

Mapewa a Bambo Zikhale adayamba kugwedezeka. Kenako kudatuluka phwete lalikulu, mpaka misozi.

"Zaka zitatu ndikusankha, iwe Lamulungu limodzi! Dzuka, dzuka, nyamula alamu akowa. Ndi manja awiri! Ine ndakukhululukira. Koma kunyumba kuli khoti lalikulu, ndipo kumeneko ine ndilibe mawu."

*

Nebert adatsala m'manja mwa wapolisi uja. Koma khoti lalikululo lidakhala Lachisanu masana, pabalaza pa a Zikhale. Mkamwini salankhula yekha nkhani yotere, ndiye adabwera ndi nkhoswe yake, amalume ake a Japhet. Clive adakhala pansi pafupi ndi chitseko, kumbali, kuti maso ake asakumane ndi a apongozi ake aakazi. Fiona anali kukhitchini, khutu lili pachitseko, ndipo musafunse kuti pawindo panali makutu angati.

A Japhet adafotokoza zonse, akuomba m'manja mwaulemu pa mawu alionse. Atatha, Mayi Zikhale adayang'ana kudenga nthawi yaitali.

"Kauzeni mphwanuyo," adatero, "kuti ulendo wina akafuna kutichitira sapulaizi, adzagule keke."

Anthu adapuma. Koma mayiwo adakweza dzanja.

"Sindinathe. Alinesi, bwera kuno."

Alinesi adalowa n'kuyamba kugwada.

"Ayi, usagwade. Khala pampando apo. Pampando, ndati!" Mayi Zikhale adatenga chitenje cha yunifomu chimene Mayi Eveless adabwera nacho chosokasoka, n'kuchiika pamiyendo pake. "Iwe unanena zoona, ine ndinakutcha wakuba. Zaka zisanu ndi zinayi ndinaziiwala tsiku limodzi. Pepa, mwana wanga. Mawa ndidzanenanso mawu omwewa pamaso pa alendo onse, kuti amene anamva bodza amvenso zoona."

Alinesi adalira, Fiona kukhitchini adalira, ndipo Mayi Eveless adanamizira kuti m'diso mwawo mwalowa ulusi.

"Tsono a Japhet," adapitiriza mayiwo, "wolakwiridwa pano si ife. Ndi uyu. Mlandu wotere kwathu umatha ndi nkhuku. Kuti zingati, anene yekha Alinesi."

Clive adatembenukira kwa Alinesi, akadali chogwada. "Asisi, chilichonse chimene munganene."

Alinesi adapukuta maso. Adamuyang'ana bwana wa ku banki uja ali pansi, iye ali pampando wa sofa, ndipo kamwa lake lidayamba kukhota.

"Ndiganize kaye," adatero. "Ndidzanena mawa, anthu onse ali pompo."

Nthawi yonseyi Bambo Zikhale anali kuseri kwa masipika ndi sikuludiraiva, dontho limodzi kumanzere, awiri kumanja. Mababu a kaampulifaya kaja adayaka ngati makala. Adapotokola chokwezera mawu mpaka pa kadontho kofiira, osapitirira ngakhale pang'ono, n'kuika chimbale. Inali folo koloko yeniyeni.

Lipenga lidatuluka pawindo, lidadumpha mpanda, n'kuyenda msewu wonse mpaka kumapeto. Amayi adathamangira zovala pachingwe akuseka. Ana adathawa madzi osamba. A Jobu pa geti adasiya chinangwa n'kuyamba kuponda sitepe ya chikale, ndipo mayi wa ku Kawale uja, ati, adamveka mu minibasi akunena kuti iye ankadziwa kale kuti Alinesi ndi wosalakwa.

Pofika madzulo msewu udagawikana pawiri. Ena akuti nkhuku imodzi yakwana, poti mnyamatayo adalakwa chifukwa cha chikondi. Ena akuti ayi, masiku anayi a misozi, nkhuku zinayi, tambala wachisanu wa dzina lake lija adaliipitsa. Mayi Eveless atafunsidwa adangoti iwo ntchito yawo ndi kuyeza makosi, osati kuwadula.

Nanga inuyo, mukadakhala Alinesi, mwakhala pa sofa, chitenje chatsopano pamiyendo, mkwati wagwada pamaso panu ndipo Area 15 yonse yatchera khutu, mukadatchula nkhuku zingati?